Mpando wa Asiyatu mu Bodi ya Koleji

Ana anga, Agnesi, Piyo ndi iwe Tereza, mumandiseka kuti ndikamva pa wailesi kuti bodi yakutiyakuti yakumana, ndimatsonya ngati ndaluma mwala mu mpunga. Lero ndikulemberani chifukwa chake, manja akadali ndi mphamvu yogwira cholembera. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anandipatsa ntchito ya boma ine wa Sitandade 8, nandisunga mpaka ndapuma ndili wamoyo. Kuthokozako ndikuthokoza ndithu. Koma mutu uno ndikuulemba mtima ukuwawa, ndipo musayembekeze kuti ndiuthira madzi ozizira. Dzina la koleji sinditchula. Inu mukuidziwa.

Zaka zanga zoyamba pa ntchito

Ndinayamba ngati wokolopa pa sekondale ina ya atsikana kumtunda, kuja kozizira mpaka zala kuuma. Kumeneko ndinkathandiza a matroni ena okalamba amene maondo ankawavuta, ndipo ndi iwowo anandiphunzitsa kusunga ana a eni: kusiyanitsa amene akudwaladi ndi amene akuthawa mayeso, kulira kwa njala ndi kulira kwa chibwenzi. Bambo anu atatisiya, ndinapempha kuti andibweze kuno kuchigwa pafupi ndi abale, ndipo Mulungu anamva. Boma linali litangotsegula koleji yaing'ono ya ntchito zamanja, yophunzitsa zosoka, zamatabwa, zomangamanga ndi zamagetsi, ndipo ankafuna matroni wa hositelo ya atsikana.

Musaganize kuti inali ngati makoleji amene mumaona ku Lilongwe. Ana a zosoka ankaphunzirira pa mapepala a matumba a simenti chifukwa nsalu kunalibe, moti diresi loyamba la mwana aliyense linkalira khwekhwekhwe ukaligwira. A zamagetsi ankadikirirana pulayala ngati anthu odikira mtondo. Madzi a pa mjigo wathu anali amchere, sopo osachita thovu, ndipo nthawi yotentha atsikana ankagona pa simenti atafunda zitenje zonyowa. Hositeloyo inali zipinda ziwiri zazitali, mpanda wa bango, chitseko chimodzi, ndipo kachipinda kanga kanali pa chitseko pomwepo. Palibe ankalowa kapena kutuluka ine osamva mapazi ake. Atsikana ambiri ankachokera m'midzi ya kunyanja, kutali koti sungayende pansi m'mawa uliwonse, ndipo makolo akamawasiya sankanena kuti tawasiya pa koleji. Ankati, "A Matroni, tawasiya m'manja mwanu."

Mkulu woyamba wa koleji, a Nkhoma, Mulungu awasunge kumene ali, ankabwera pa njinga ndipo ankalowa okha kukaona zimbudzi za atsikana. Ankakonda kunena kuti, "Matroni, mwana wamkazi akagona mopanda mantha, mawa aphunzira." Atawasamutsa, kunabwera a Mlauzi, achichepere, a galimoto yoyera, ndipo pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti koleji iyenera kudzidalira.

Chaka chimene anandisankha kulowa mu bodi

Chaka chimenecho unduna unalamula kuti koleji yathu ikhale ndi bodi yolangiza, ndipo m'bodimo mukhale munthu mmodzi woimira ife ogwira ntchito amene sitiphunzitsa. Ophika, alonda ndi osesa anakumana pansi pa mtengo wa nimu nasankha ine. Ndinakana, ndinati Chingerezi changa chimathera pa moni. Mlonda wina anati, "Amayi, ife sitikufuna Chingerezi, tikufuna pakamwa." Ndinavomera, ndipo kunena zoona ndinanyada. Ndinasoketsa chilundu chatsopano.

Pa msonkhano woyamba kunabwera bwana wa ku unduna kudzatikhazika, natifotokozera ntchito yathu m'Chichewa chomveka. Anati tizikumana teremu iliyonse, tiziyendera makalasi ndi malo ogona ndi maso athu, tizimva madandaulo a ophunzira ndi a antchito, kenako tizilangiza mkulu wa koleji. Anatinso ngati malangizo athu pa nkhani yaikulu akanidwa, wapampando ali ndi udindo wokanena ku unduna. Ndipo ananena mawu amene ine ndinawasunga monga ndimasungira kolona yanga: "Muno mulibe wamkulu ndi wamng'ono. Membala aliyense ali ndi mpando wake, mawu ake ndi dzanja lake lokweza." Wapampando anali a Chimbalanga, ahedi opuma a ku Mtakataka, ovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Munalinso wamalonda wina wa ku Golomoti, akatekisiti, a Shehe, mayi wina woimira makolo, mphunzitsi mmodzi, a Mlauzi eni ake, ine, ndi mpando wa woimira ophunzira.

Misonkhano ya zaka ziwiri zoyamba

Tsopano mumve mmene zinkayendera. Tinkayamba ndi pemphero, kenako a Mlauzi ankalankhula nthawi yaitali za zimene achita, kenako nkhani za zipangizo, za mpanda, za mbuzi za anthu zolowa m'munda wa koleji. Kuyendera kuja kunkathera pa kalasi imodzi yosesedwa bwino pafupi ndi ofesi. Nkhani za ophunzira zinkakhala kumapeto, dzuwa lili pamutu, fungo la nkhuku yokazinga litayamba kulowa pa mawindo. Ndiye a Chimbalanga ankayang'ana wotchi, n'kutembenukira kwa woimira ophunzira, n'kunena mokoma mtima kuti, "Mwana wanga, tathamanga ndi madzi, akuluakulu asambe m'manja."

Kwathu kuno wamng'ono ndiye amasambitsa akulu. Ndi mwambo wabwino, ndipo nonsenu ndinakuphunzitsani kugwada ndi jagi. Koma taganizani. Mwana uja ankatuluka kukatenga beseni ndi jagi, n'kuzungulira tebulo lonse chogwada, n'kukataya madziwo, n'kukathandiza ophika kunyamula mbale. Ali kunjako, a Chimbalanga ankati, "Tafika pa nkhani za ophunzira. Pali chilichonse?" Chete. "Palibe. Titseke ndi pemphero." Sindikhulupirira kuti poyamba ankachita dala. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anthu ophunzira onsewo, maso ali tong'o, palibe amene ankaona kuti mpando wa ana uli wopanda munthu pa nthawi yokhayo imene unkafunika.

Chaka chachiwiri ophunzira anasankha Asiyatu, mtsikana wa zamagetsi, mwana wa msodzi wa kunyanja, Msilamu. Anali wamfupi, wa mpango wake kumutu nthawi zonse, wokwera makwerero osaopa, ndipo m'hositelo ndiye ankaweruza milandu ya sopo ndi ndowa. Anyamata omwe anamuvotera chifukwa cha pakamwa pake. Koma nayenso atamva "mwana wanga, tathamanga," ananyamuka, chifukwa analeredwa. Msonkhano wake wachiwiri utatha, anandipeza ndikuyanika maneti a udzudzu, maso ali ofiira.

"Amayi, anzanga anandituma zinthu zambiri. Za madzi, za babu la kubafa, za aphunzitsi ojomba. Akandifunsa kuti wakanena chiyani, ndiwayankhe kuti ndakasambitsa anthu m'manja?"

Ndinati, "Pirira mwana wanga, tsiku lako lidzakwana."

Iye anati, "Lidzakwana nkhuku ikadzachedwa kupsa."

Ndinaseka, koma mwanayo ankanena zoona.

Nyengo yotentha ya chaka chachitatu

Kutatsala masiku ochepa kuti bodi ikumane, a Mlauzi anandiitana ku ofesi, nandipatsa mpando wofewa, zimene anali asanachitepo. Anati mabungwe ambiri amafuna malo ochitira maphunziro a masiku angapo ndi pogona pomwe, ndipo kuno kuchigwa malo abwino kulibe. Hositelo ya atsikana ikapakidwa penti n'kugawidwa tizipinda, idzakhala nyumba ya alendo, koleji idzapeza zogulira nsalu ndi mawaya.

Ndinafunsa, "Nanga atsikana?"

Anati, "Akachita lendi pa tauni. Si ana awa, Matroni, ndi anthu a pa koleji. Kwina konse akutero."

"Bwana, mumawadziwa manyumba a kuseri kwa msika? Zitseko zake mumazidziwa?"

Anamwetulira, nati, "Inu mwatsala pang'ono kupuma. Nyumba ya alendo idzafuna mayi woiyang'anira, waukhondo, wodziwa kulandira anthu, ndipo ameneyo sapuma ndi zaka za boma. Ndaganiza za inu. Mu bodi mungondithandiza kuti nkhaniyi isatalike."

Tereza, iwe unali Fomu 2 nthawi imeneyo, ndipo usiku ndi usana funso langa linali lakuti ndikapuma ndidzakumaliza bwanji sukulu. Munthuyo anadziwa pogwira. Ndinatuluka n'kubwerera ku ntchito yanga. Nkhani inali itamveka kale m'hositelo kudzera kwa ophika, ndipo Asiyatu anandiuza mosabisa kuti bambo ake ananena kalekale kuti tsiku limene adzachoke m'manja mwa matroni ndi tsiku lomwe adzabwerere kunyanja. Anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Kumudzi kunali kale munthu wina wa boti amene ankamufunsira.

Lamulungu Misa itatha ndinatsala m'tchalitchi anthu onse atatuluka. Sindinapemphere mapemphero a m'buku. Ndinangoti, "Amayi Maria, inunso munalera mwana, mukudziwa. Wanga ndi wa eni, ndisankhe uti?" Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndinamva mbuzi zokha panja. Koma ndinakumbukira nkhope za makolo aja pa chitseko cha hositelo, ndipo ndinadziwa kuti sindingadzagone m'nyumba ya alendo imeneyo ngakhale atayalamo mabedi a golide.

Tsiku la msonkhano ndinakhala dala moyandikana ndi Asiyatu. Nkhani ya hositelo anaiika pansi pa nkhani za ophunzira, kumapeto. Apa ndiye ndikunena kuti a Mlauzi anachita dala, chifukwa ankadziwa bwino lomwe amene sakhalapo nthawi imeneyo. Fungo la nkhuku litafika, a Chimbalanga anayang'ana wotchi.

"Asiyatu mwana wanga, tathamanga ndi madzi."

Mwana uja anayamba kunyamuka. Ndinaika dzanja langa pa bondo lake, n'kukanikiza. Ndinati, "Khala." Mawu anga anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, moti akatekisiti anadzidzimuka.

A Chimbalanga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi Matroni, msiyeni mwanayo agwire ntchito yake."

"Pepani a Tcheya, ntchito yake ndi imeneyi wakhalirayi. Tsiku lotikhazika anatiuza kuti muno mulibe wamng'ono. Nkhani ikubwerayi ndi ya pogona pake."

"Ndiye mukufuna tidye ndi manja akuda?"

"Ndowa ili pakhonde, sopo ali pomwepo."

Wamalonda wa ku Golomoti anaseka monyoza, nati, "Nanga inuyo mayi simungatisambitse? Si inu a matroni?" Ndikanatha kupita, ana anga, maondo anga sanalembedwe kuti sagwada. Koma mpando umene ndinakhalapowo sunali wanga, unali wa ophika ndi alonda amene anandituma. Ndinati, "Bambo, kwanu mukadzandiitana ndidzakusambitsani mpaka m'zigongono. Muno ayi." A Chimbalanga anagogoda tebulo ndi cholembera, nayamba kunena za kutha kwa ulemu masiku ano, kuti ngakhale amayi amene tinkayesa osunga mwambo ayamba kuphunzitsa ana mwano. Nkhope yanga inatentha. Ine wophunzitsa ana mwano! Ine amene ndakhala ndikuwongola ana a anthu moyo wanga wonse! Dzanja sindinachotse pa bondo lija.

Amene anatipulumutsa anali a Shehe, nkhalamba yosalankhulalankhula. Ananyamuka pang'onopang'ono, nakonza mkanjo wawo, nati, "Ife timasamba tokha kasanu pa tsiku, ndipo palibe anafapo nazo. Koma nkhuku idikire. Ine ndikufuna kumva mwanayu." Anakhalanso pansi. Mayi woimira makolo, amene pa zaka zonsezi ndinali ndisanamve mawu ake kupatula "ameni," anati, "Inenso."

Asiyatu anaimirira. Sanalankhule zambiri. Anati iye anapitako kukaona zipinda za lendi za kuseri kwa msika ndi anzake. Chitseko chimatsekedwa ndi msomali wopinda. Bafa ndi limodzi, la udzu, logawana ndi oyendetsa malole ndi oitanira minibasi. Khoma lina ndi la malo omwera mowa. Anati atsikana ena makolo awo adzalola chifukwa alibe chochita, ena sadzalola, ndipo iye ali m'gulu lachiwirilo. Pomaliza anatembenukira kwa wamalonda uja, nati, "Bambo, mwana wanu wamkazi mungakamugoneke kumeneko? Mukati inde, nanenso ndipita." Munthu uja anayang'ana pansi ngati wataya ndalama. A Mlauzi anayesa kufotokoza za kudzidalira, koma a Shehe anapempha kuti tikweze manja. Manja ambiri anakwera oti hositelo isatsekedwe, la akatekisiti, la mphunzitsi, ngakhale la wamalonda linakwera mochedwa, lopindika. Dzanja la Asiyatu linakwera koyamba chilowere m'bodimo. A Mlauzi anati, "Zikomo, bodi yalangiza, tamva." Tinakasamba tokha pakhonde, ndipo ine ndinadya nkhukuyo mtima uli mbee, ndikuthokoza Mulungu. Ndinali wopusa.

Potseka teremu imeneyo

Ana atangopita ku holide, ndinadzuka n'kupeza amisiri akutulutsa matiresi ndi kugumula mpanda wa bango. Ndinathamangira ku ofesi. A Mlauzi sanandipatse mpando. Anati, "Bodi imalangiza, Matroni, silamula. Ndinamva malangizo, ndinawaganizira, ndapanga chiganizo." Anawonjezera kuti popeza hositelo kulibe, matroni safunika, ndiye kuyambira teremu yamawa ndikathandize kukhitchini.

Tsiku lomwelo ndinakwera minibasi kupita ku Mtakataka kwa a Chimbalanga. Ndinawapeza pakhonde akuwerenga nyuzipepala, tayi ili m'khosi. Ndinagwada, ndinapereka moni bwinobwino, kenako ndinawakumbutsa kuti malangizo akakanidwa pa nkhani yaikulu, wapampando amakanena ku unduna.

Anati, "Mayi, zimenezo n'zoona. Koma a Mlauzi ndi mwana wathu, tikugwira naye ntchito. Tikamuneneze kwa mabwana ake? Kumeneko n'kumuvula pagulu. Zinthu zimakambidwa."

"Mukambirana liti, a Tcheya? Matiresi ali panja."

"Tidzaiona pa msonkhano wa teremu yamawa."

"Teremu yamawa atsikana adzakhala atagona kale kuseri kwa bala! Mukuopa kuvula munthu mmodzi wa galimoto, ana a eni onsewa avulidwe?"

Anapinda nyuzipepala, nati, "Inu vuto lanu mumatenga zinthu ndi mtima."

Inde, ndimatenga ndi mtima. Ndikanatenga ndi chiyani? Ndinawafunsa kuti ngati ntchito yathu inali imeneyi, bwanji sanatiuze poyamba kuti ndife bungwe lodya nkhuku, tikanabwera ndi tsabola wathu. Anaitana akazi awo kuti andiperekeze. Ndinayesa kwa akatekisiti, anati iwo satsogola pamene wapampando alipo. A Shehe anapita okha kwa a Chimbalanga kawiri, nabwerako ndi mawu omwewo. Ine ndekha ku unduna ndikanalowera khomo liti, mayi wa kukhitchini? Nthawi yathu ya m'bodi itatha, antchito anandisankhanso, koma anauzidwa kuti pakufunika nkhope zatsopano.

Sukulu itatsegulidwa, bambo ake a Asiyatu, Che Twaibu, anabwera pa njinga kudzatenga sutikesi ndi ndowa ya mwana wawo. Anali munthu wamtali, wowauka ndi dzuwa, wa mawu aakulu ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja. Anandipeza ndikutsuka mapoto, Asiyatu ali pambuyo pawo.

"A Matroni, ndamva kuti anakutsitsani. Pepani. Ine ndadzatenga katundu, mwanayu sukulu yathera pano."

Ndinapukuta manja, n'kunena zimene ndinali nditapempherera: "Che Twaibu, munamusiya m'manja mwanga. Manjawo ndi awa, sanawagumule. Kanyumba kanga kali m'mudzi kuseri kwa kolejiku. Agone ndi Tereza wanga mpaka amalize."

Iwo anati, "Tiyeni ndikaone."

Anazungulira nyumba yonse, nagwedeza chitseko, nasuzumira kubafa. Kenako anaima, mphuno m'mwamba. Kuseri kunali khola la nkhumba yanga, ija inali itangoswa kumene, imene ndinkati ndikapuma idzakhala bwana wanga.

"Awa ndi ndani?"

"Ndi alendi anga."

"Mwana wanga sangagone nyumba imodzi ndi alendi amenewa."

"Sagona m'nyumba, Che Twaibu, ali ndi kwawo."

"Mayi, ine ndimakulemekezani. Koma mapoto ndi omwewo, bwalo ndi lomweli. Ayi."

Ndinayang'ana nkhumba ija, inenso inandiyang'ana. Piyo, ukukumbuka kuti unalira pamene tinkazikweza pa ngolo kupita kwa amalume ako ku Mua, ndipo ukudziwa kuti amalume akowo sanabweze ngakhale mchira. Ndinati, "Mawa simuzipeza. Poto ndigula watsopano. Nkhuku sindipha ndekha, azidzachinja a Shehe kapena mwana wawo."

"Nanga simudzam'batiza?"

"Ndikadzam'batiza mudzamva belu la ku Mua muli pa nyanja."

Anaseka mpaka kutsokomola, natsitsa sutikesi pa njinga. Pochoka anati, "Mwezi wosala wa Ramadhani muzimudzutsa kusanache adye daku, ameneyu ndi watulo." Ndinkamudzutsadi, ndipo Tereza ankadzuka naye kudzadya nawo ngakhale sankasala. Che Twaibu sanabwerepo chimanjamanja, moti chaka chimenecho munadya usipa mpaka kudandaula. Pa zonsezi ndimathokoza. Koma nyumba yanga inali ya zipinda ziwiri, ana anga. Ndinatenga mmodzi. Enawo ndinkakumana nawo pa msika, ena atanyamula ndowa kuseri kwa bala kuja, ena osandiyang'ana kumaso. Wina wa zosoka, waluso kuposa onse, ndinamuona mimba ili patsogolo akugulitsa mandasi pa siteji, ndipo atandiona anabisala kuseri kwa minibasi. Ena sanabwerenso kuchokera ku holide. Ine ndinkasenda anyezi wa alendo a m'nyumba ya alendo, ndikuwamva akuyamikira kuti malo ano ndi abata.

Tsiku lolandira masatifiketi

Anamanga tenti pabwalo, nabwereka mipando ya pulasitiki ku tchalitchi. A bodi anakhala kutsogolo, pa tebulo la nsalu yoyera ndi maluwa. Ine ndinapempha wophika mnzanga kuti andigwirire, ndinavula epuloni, n'kukakhala kumbuyo ndi makolo, pafupi ndi Che Twaibu amene anavala mkanjo woyera ndi kofia yatsopano. Dzina la Asiyatu litaitanidwa, ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kuwawa, ndipo bambo ake analira osabisa, misozi ikutsikira m'ndevu. Mwana uja anamaliza. Lero akuika magetsi m'nyumba za anthu ndipo ali ndi anyamata amene amamutcha bwana.

Kenako a Chimbalanga anaimirira kuti alankhule m'malo mwa bodi. Anakonza tayi, nati bodi yawo yakhala ikuika mtima pa maphunziro a mwana wamkazi, ndipo zipatso zake ndi zimene tikuonazi. Anati, "Ndipemphe atsikana onse amene amaliza lero aimirire, tiwaombere m'manja." Anaimirira, apa mmodzi, apo mmodzi, pakati pa mitu ya anyamata. Sanakwane zala za dzanja limodzi. Chikhalirecho pamene kalasi imeneyi inkayamba, zipinda ziwiri zija zinali zodzaza mpaka ena kugona awiriawiri.

Anthu anayamba kuomba m'manja. Che Twaibu sanaombe. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandifunsa, ndipo munthu ameneyu kunong'ona sankakudziwa: "Kodi a Matroni, enawo ali kuti?"

Mizere ingapo inatembenuka. Ndikanatha kuwagwira mkono kuti akhale chete, linali tsiku lachisangalalo. Koma ndinayankha ndi mawu ofanana ndi awo: "Afunseni awo akhala kutsogolowo."

Ndipo ananyamukadi. Anayenda pakati pa mipando, mkanjo ukuuluka, mpaka anakaima patsogolo pa tebulo la maluwa lija. Anapereka ulemu, dzanja pachifuwa, nati, "Pepani mabwana, ine sindinapite kusukulu. Tsiku limene ndinabweretsa mwana wanga, atsikana anali ambiri, ndinawaona ndi maso angawa. Ndikufunsa kuti enawo ali kuti?"

A Chimbalanga anayang'ana a Mlauzi. A Mlauzi anayang'ana woyendetsa mwambo, namukodola ndi chala. Woyendetsa mwamboyo anathamangira pa chimkuzamawu n'kunena kuti tsopano tilandire kwaya. Kwaya inayamba nyimbo yothokoza Mulungu, imene ndimaikonda kuposa zonse, imene ndinakuimbirani nonsenu muli kumsana. Che Twaibu anaimabe pomwepo, dzanja pachifuwa, kudikira yankho, mpaka nyimbo yonse inatha.

Ine sindinaimbe nawo.